Mlendo wa M'nyumba mwa a Fyuzi

Tsiku limene a Fyuzi anatuluka m'chipatala, mkazi wawo anakolopa nyumba yonse mpaka kuseri kwa kabati, n'kusita malaya abuluu amene bamboyo ankawakonda. Mayiyu anali telala, makina ake opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde, ndipo mwamuna wake ankamutchula kuti Singano chifukwa anali wochepa thupi koma pakamwa pobaya. Nawo a Fyuzi dzinalo anachita kupatsidwa ndi anzawo a kuntchito: anali amagetsi, ndipo mtima wawo sunkachedwa kupsa.

Anagwa pamakwerero akumanga mawaya kudenga la sitolo ina, mutu n'kumenyetsa pasimenti. Anakhala chikomokere masiku angapo, kenaka anatsitsimuka, anayamba kudya, kuyenda, mpaka kukangana ndi anamwino za babu la m'wodi limene linkangophethira. Aliyense anati munthu uja wachira. Singano yekha ndi amene anaona kuti akafika pambali pa bedi, amuna ake ankakoka bulangete mpaka pachifuwa n'kumamuyankha mwaulemu wopitirira muyeso. Iye anangoti ndi ululu wa mutu, zitha zokha.

Atafika kunyumba, a Fyuzi anayendera zipinda zonse ngati munthu wodzafuna nyumba ya lendi. Anakhudza swichi ya pabalaza imene anaika okha, anayang'ana chithunzi cha ukwati pakhoma, n'kukhala pampando wawo wa pawindo. Singano anabweretsa tiyi. Iwo analandira ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, mayi. Mwandisamala kuchipatala kuja, sindikukana. Koma tandiuzani, akazi anga abwera nthawi yanji?"

Singano anaseka mpaka supuni kugwa pansi. "Abwera mukamaliza tiyiyo. Imwani, a Fyuzi, nthabwala zanuzo tinazisowa."

Iwo sanaseke. Anaika kapu patebulo osalawa n'komwe, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga ankayang'anira mawaya omangidwa ndi munthu amene sakumukhulupirira.

"Mukufanana nawo zedi," anatero. "Amene anakusankhaniyo ali ndi diso. Koma inu si iwo ayi."

Kuyambira pamenepo nyumba ija inasanduka ya anthu awiri ozondana. A Fyuzi anaika loko pachitseko cha kuchipinda, makiyi n'kumayenda nawo m'thumba. Singano anayamba kugona pampando wautali wa pabalaza. Chakudya sankachikhudza mpaka mayiyo atayamba walawa m'mbale yomweyo. Sankalalata, sankatukwana, ndipo chimenechi ndi chimene chinkamuopsa kwambiri, poti a Fyuzi amene iye ankawadziwa akanakhala atagwetsa kale denga ndi mawu.

Anayesa zonse. Anawakumbutsa za chipinda chawo choyamba chodontha chija, momwe ankatchera mabeseni pabedi mvula ikagwa. Anawauza dzina limene anakonzera mwana wawo amene sanabadwe, nthawi imene iye anapita padera, dzina limene sanaululirepo munthu aliyense. Pomaliza anawaonetsa chipsera cha pachala chimene makina anamuboola ali mtsikana.

A Fyuzi anachigwira chalacho ndi nsonga za zala zawo, n'kuchitembenuzira kowala.

"Mpaka chipsera chomwe," anatero mogoma. "Anthuwa si amasewera ayi. Anakuphunzitsani nthawi yaitali bwanji?"

"Anthu ake ati?"

"Wofunsa ndine, mayi."

Apa m'pamene nayenso Singano anayamba kukayika. Ankakhala pamakina, phazi likupalasa, maso osaona chimene akusoka. Munthu amene akudziwa pamene pali pulayazi yake iliyonse, amene akulonjerana bwinobwino ndi wokonza nsapato wa pakona, amene akukumbukira kuti firiji ya aneba imalira ngati thirakitala, angaiwale bwanji mkazi amene wafunda naye bulangete limodzi kuchokera paunyamata? Matenda osankha munthu mmodzi ndi amtundu wanji? Bamboyu kunamiza anthu nkhope ili gwa ankakutha. Paphwando ankatha kupusitsa tebulo lonse osamwetulira. Nanga bwanji ngati kugwa kuja kunangowatsegulira khomo lotulukira m'banja popanda wowaloza chala?

Tsiku lina iwo akusamba, anatenga foni yawo n'kufufuza mauthenga onse. Anapezamo makasitomala odandaula za mafani ndi masoketi, ndi gulu la anzawo otumizirana za mpira. Munalibe kanthu, koma kusowa kanthuko kunamukayikitsanso: wochenjera amafufuta. Anavala n'kupita kusitolo kumene amuna ake anagwerako, ngati wodzagula mabatani. Mwini sitoloyo anali mayi wonenepa wa ndolo zikuluzikulu, ndipo atafunsa kuti, "Ali bwanji abambo aja?" Singano anawatembenuza mawuwo kuno ndi kuno ngati nsalu yokayikitsa, kufuna kuona ngati mwabisala kachikondi. Munalibe. Mayiyo ankangofuna kudziwa amene adzamalize mawaya olendewera kudenga kwake.

Kenaka kunabwera mlamu wake, mlongo wamkulu wa a Fyuzi, mphunzitsi wopuma pantchito amene sanasiye kuyankhula ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Anayamba kuitana ali pageti, ndipo a Fyuzi anadzuka msangamsanga kukawalandira chikwama.

"Achemwali, mwachita bwino kubwera," anatero. Kenaka anatsitsa mawu, koma Singano ali pakhomo la khitchini anamva ndithu: "Mayi uyu mukumudziwa? Mlamu wanu amupititsa kuti?"

Masana omwewo mlamuyo anamuitanira kuseri, pafupi ndi mpopi.

"Alamu, ine ndine munthu wamkulu, tisanamizane. Mlongo wangayu wandidziwa ine, wawadziwa aneba, ndi galu yemwe wamudziwa. Inu nokha ayi. Munthu sakana mkazi wake popanda chimene anaona. Munamuchita chiyani asanagwe?"

"Ndinawaphikira, ndinawachapira, n'kuwatsanzika pageti. Kapena mukufuna ndinene kuti makwererowo ndinagwedeza ndine?"

"Ine sindinanene zimenezo."

"Maso anu anena."

Mlamuyo anakamasula chikwama m'chipinda cha alendo n'kulengeza kuti akhala kaye. Ozondana aja anakhala atatu.

Tsiku lokaonetsa bala kuchipatala, Singano anamunong'oneza namwino zimene zinkachitika kunyumba, ndipo namwinoyo anawatumiza onse atatu, ndi mlamu yemwe, kuchipinda cha kumapeto kwa khonde, kwa dokotala wa za ubongo. Anali mayi wachitsikana, wa magalasi aakulu ndi nsapato zothamangira, wooneka ngati wangotuluka kumene kusukulu. Anamvetsera nkhani yonse akulemba, kenaka cholembera chinaima. Singano anaona chinthu chimene sanachikonde: maso a dokotalayo anawala ngati a kasitomala amene wapeza nsalu imene wakhala akuisaka misika yonse.

"Zoterezi ndinangoziwerenga m'mabuku," anatero dokotalayo. "Sindinazionepo ndi maso. Mungandilole ndiyese kanthu kena?"

Anatulutsa tizitsulo tiwiri tomangirira kuzala, tokhala ndi mawaya opita kukompyuta. Anafotokoza kuti munthu akaona nkhope ya wake, khungu limatuluka kathukuta kochepa kwambiri mwini wake osadziwa, ndipo makinawo amajambula mzere umene umadumpha. A Fyuzi anakana kupereka dzanja. Anatsatira mawayawo ndi chala mpaka kuseri kwa tebulo, anafunsa kuti muli moto wochuluka bwanji, n'kuloza Singano kuti ayambe ndi iyeyo.

Singano anakhala pampando, tizitsulo tili kuzala. Pakompyuta panayamba kudutsa nkhope za anthu osawadziwa: bambo wadazi, mtsikana wa mpango, nkhalamba ya ndevu. Mzere unkangoyenda chogona. Kenaka panatulukira chithunzi cha a Fyuzi chimene dokotala anali atangowajambula kumene, bandeji ili kumutu, nkhope ili ndwii. Mzere uja unadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu.

"Makina amiseche awa," anatero Singano, akuchotsa tizitsuloto mwamanyazi. Mlamu wake anali atatambasula khosi kuti aone bwino.

Itafika nthawi ya a Fyuzi, nkhope zachilendo zinadutsa, mzere uli chigonere. Inadutsa ya Singano, mzere uli chigonere. Inadutsa ya mlongo wawo, chimodzimodzi.

"Ngakhale ine?" anafunsa mlamuyo, dzanja lili pachifuwa. "Ine amene ndinamubereka kumsana?"

"Aliyense, amayi," anayankha dokotala. Anatenga pepala n'kujambula diso, ndi mizere iwiri yochokera padisopo. "Diso likaona nkhope, tikuganiza kuti uthenga umayenda njira ziwiri. Ina imangonena kuti uyu ndi uje. Inayo imapita kumene kumachokera kufunda kuja kwa mumtima, kumene kumati uyu ndi wanga. Zikuoneka kuti njira yachiwiriyi ndi imene yavulala. Akaona aneba, ngakhale inuyo amayi, n'kusamva kanthu, ubongo sudabwa kwenikweni. Koma akaona akazi awo, pamene pamayenera kulira belu lalikulu, mkati muli zii. Ndipo ubongo sukonda kuvomera kuti wawonongeka ndi iwowo. Umasankha kunena kuti munthuyo ndi amene wasinthidwa."

A Fyuzi anamvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu.

"Zikumveka bwino," anatero. "Waya wina ali ndi moto, wina wadukira mkati. Zimachitika. Kwa anthu ena zikhoza kukhala choncho ndithu. Koma mayi awa si akazi anga." Anasuzumira papepalapo, kenaka anamuyang'ana dokotalayo cham'mbali. "Kodi inuyo adokotala, mayiwa munadziwana nawo liti?"

Singano anatembenukira kwa dokotala. "Ndiye mukutiuza kuti zaka zonse takhala limodzizi ndi kathukuta ka pachala basi?"

"Ayi, mayi. Kathukutako ndi phazi chabe la chinthu chimene chadutsa. Chinthucho sitinachigwirepo. Timatha kuona mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito munthu akamaganiza, koma momwe nyama ya m'mutumu imafikira ponena kuti ine, kapena kuti wanga, palibe amene akudziwa. Anthu ayeza kutalika kwa nyenyezi zimene sadzafikako, koma ichi chili kuseri kwa mphumi chikuwakanikabe."

"Nanga achira?"

"Ena amachira, ena ayi. Sindingakunamizeni."

Kenaka dokotalayo anapempha ngati angamawajambule pakanema a Fyuzi akamabwera, kuti akaonetse madokotala anzake. Singano anapinda manja.

"Adokotala, ndikufunseni mosapsatira. Inuyo mukufuna achire, kapena akhale kaye chonchi mpaka mutamaliza kulemba zanuzo?"

Dokotalayo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, nthawi yaitali kuposa imene magalasiwo ankafunikira.

"Ndikati sindinasangalale kuona zimenezi, ndinama," anatero. "Koma mutandiuza kuti ndisankhe, ndisankha achire."

Singano sanakhulupirire zonse. Anakhulupirira theka, n'kunena kuti zakanemazo akaganiza kaye.

Asanatuluke, dokotala anamukokera pambali. "Pali chimodzi chatsala. Tulukani panja, mukafike kumapeto kwina kwa khonde, muwaimbire foni."

Singano anakaima pafupi ndi zenera, pambali pa mpando wa matayala wothyoka, n'kuimba. Inaitana kawiri.

"Halo?"

"A Fyuzi, ndine."

Kenaka mawu anaphulika m'khutu mwake mpaka anaichotsa foniyo pang'ono.

"Singano! Uli kuti iwe? Munthu ndagwa, ndatsala pang'ono kufa, iwe osabwera ngakhale kudzandiona! Nyumba waisiyira mlendo, akugwira makina ako, akuvala zovala zako! Zimenezi n'zotani? Uli bwino koma? Wadya?"

Anali iwo. Ukali wake womwe uja, wopsa msanga n'kuzima pomwepo. Singano anayankha kuti ali bwino, ali pafupi, akubwera pompano, ndipo anathamanga khonde lonse foni ili kukhutu, n'kukankha chitseko.

A Fyuzi anatembenuka, kumwetulira kudakali pankhope. Atamuona, kumwetulirako kunafota pang'onopang'ono ngati babu magetsi akamachepa mphamvu.

"Pepani mayi, tadikirani kaye, ndikuyankhula ndi akazi anga." Kenaka maso awo anatsikira padzanja lake. "Foni imeneyo mwaitenga kuti?"

Dokotala anafotokoza kuti khutu lili ndi njira yakeyake imene sinavulale, koma maso akakhalapo amalanda bwalo. Singano ankangomva ngati mawu a wailesi ya kwa aneba. M'mutu mwake munali funso limodzi: munthu angazime nkhope msanga chonchija osachita dala?

Moyo wawo unakhala wa pafoni. Masana alionse Singano ankatseka makina, n'kunena kuti akukagula ulusi, ndipo ankakaima kuseri kwa shedi ya wokonza nsapato n'kuimba. Poyamba ankanena zoona, kuti ali pakona pomwepa ndipo mayi wa m'nyumbayo ndi iye yemwe. A Fyuzi ankapsa mtima. "Usandiseke, Singano. Nawenso akuopseza kuti uzinena zimenezo?" Ndiye anasiya. Ankangoti ali kutali pang'ono, zinthu zikatheka abwera.

Pafonipo ankacheza monga kale. Ankakangana za mtundu wa penti ya pageti, ankaseka kayendedwe ka aneba. Kenaka a Fyuzi ankatsitsa mawu n'kupereka lipoti la mlendo uja: lero wasoka madiresi a ana asukulu, dzulo analira kubafa atatsegula mpopi kuti asamveke, mchere amathira ngati iwe ndendende. Singano ankamvetsera mbiri yake yomwe ngati ya munthu wina, ndipo akabwerera kunyumba, ulusi wonamizira uli m'manja, ankawapeza ali pawindo, nkhope yaulemu ija itabwerera.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

Kukayika kwake sikunathe. Ankawatchera misampha. Tsiku lina anawayandikira chakumbuyo akukonza ayironi, n'kunena mwadzidzidzi kuti, "Inu, mwaikanso pati sizasi yanga?" Iwo osatembenuka anayankha, "Pomwe umaisiya, iwenso!" Singano anaganiza kuti wawagwira. Koma atatembenuka n'kumuona, anadzidzimuka zenizeni, ayironi n'kugwa, ndipo anathamangira kukhitchini, kubafa, mpaka kunja kwa geti, akuitana mkazi wawo. Anabwerako akupuma mwabefu, maso ofiira. Singano sanabwerezenso msampha umenewo.

Mlamu uja anaona zonsezi, ndipo m'mawa wina anaitanitsa msonkhano pabalaza.

"Ine ndaganiza," anayamba motero, manja ali pamaondo. "Mlongo wangayu sakupuma. Tsiku lililonse akuona nkhope imene ikumusokoneza. Alamu, bwanji mupite kaye kwanu, mutu wake ukhazikike? Ine ndimusamala."

Singano anatsegula pakamwa, koma a Fyuzi anamutsogolera.

"Ayi, achemwali. Mayiyu sanandilakwire. Olakwa ndi amene anamutuma. Iye amadzuka m'mawa, amasoka, mankhwala amandipatsa nthawi yake, ndipo sanabepo ngakhale supuni, ndimayang'ana. Mukamuthamangitsa apita kuti? Mwina nayenso anachita kumukakamiza. Akhale mpaka mwini nyumba atabwera."

Mlamuyo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kunena kuti pa ana onse amene anaphunzitsa sanaonepo zosokonekera ngati za m'nyumba muno. Analongedza tsiku lomwelo. Singano anawanyamulira chikwama mpaka pamsewu, ndipo basi ili pafupi kuima, mlamuyo anayankhula osamuyang'ana.

"Mzere wanu uja unadumpha, ndinaona. Komatu makina nawo amalakwitsa."

"Muyende bwino, alamu."

Atatsala awiri, zinthu zinayamba kusintha mwakachetechete. A Fyuzi anasiya kudikira kuti iye alawe chakudya. Loko uja anamuiwala patebulo, kenaka anakathera m'bokosi la zida. Anayamba kutulutsa mpando wawo pakhonde n'kumakonzera mawailesi a anthu pomwepo, pambali pa makina. Ankamufunsa mlendoyo mafunso: kwawo n'kuti, ali ndi abale, anaphunzira kuti kusoka. Singano ankayankha zoona zokhazokha, mofatsa, mawu atawachotsa minga yonse poopa kuwadzidzimutsa, ndipo iwo ankagwedeza mutu momumvera chisoni kuti ngakhale mbiri yake yomwe anamulanda n'kumupatsa ya munthu wina.

Tsiku lina masana, ali kuseri kwa shedi kuja, anamva kuti mawu a amuna ake pafoni akuzungulira. Anakamba za mvula, za mtengo wa mababu, za galu.

"A Fyuzi, nenani chimene mukufuna kunena."

Anatsokomola. "Singano, iwe ukudziwa kuti ine sindinakubisirepo kanthu. Mayi ujatu... sindinachite chilichonse, usaganize zambiri. Koma ndayamba kumuzolowera. Akachoka kukagula ulusi, ndimapezeka ndikuyang'ana pageti. Ndati ndikuuze ndekha usanamve kwa anthu."

Singano anamva chinthu chikumubaya pansi pa nthiti, chakuthwa, chodziwika bwino. Inali nsanje. Anadziuza kuti ndi zopusa, kuti mkazi winayo ndi iye yemwe, wavala diresi lomweli, waima pano. Koma nsanjeyo sinamve.

"Ohoo," anatero. "Ndi wokongola kuposa ine?"

"Mukufanana, ndinakuuza kale."

"Ndiye ali ndi chiyani chimene ine ndilibe?"

A Fyuzi anazengereza. "Ndi wofatsa. Munthu ukamayankhula amadikira umalize."

Singano anadula foni. Wokonza nsapato anasuzumira kuseri kwa shedi, msomali uli pakamwa, n'kufunsa ngati kuli maliro. Iye anati kulibe, n'kuyenda ulendo wosadziwa kopita, kudutsa pamalo okwerera basi, kuzungulira bwalo la mpira, akuyankhula yekha. Zaka zonsezi, kani bamboyu ankafuna mkazi wofatsa? Ndiye kuti akanakumana ndi wofatsa weniweni, wa nkhope ina, zikanatha bwanji? Kapena matenda onsewa ndi njira yawo yomuuzira zimene ankaopa kunena maso ndi maso? Anafika poima pakati pa njira n'kuseka mokweza, mpaka mayi wina wosenza dengu anamulambalala.

Mawa lake anapita yekha kwa dokotala uja, n'kumufotokozera zonse. Dokotalayo nthawi ino sanagwire cholembera.

"Tandiuzani," anatero Singano, "waya woduka uja ndi amene akulumikizika, kapena akumera wina watsopano? Akukonda ine, kapena akukonda munthu wina amene ndamupanga ndekha?"

"Sindikudziwa, mayi. Tikhoza kuwaikanso pamakina tione ngati mzere wayamba kugwedezeka. Koma ngakhale utadumpha, sungatiuze kuti ukudumphira ndani."

"Ndiye asiyeni makinawo," anatero Singano. Zakanema zija anavomera, koma anati nkhope yake isaonekemo, poti yavuta kale mokwanira.

Atafika kunyumba anapeza a Fyuzi atavala malaya oyera, tsitsi atapesa mozungulira chipsera. Pamwamba pa makina ake panali nyale yatsopano, yomangidwa bwino, waya wake atamubisa m'mphepete mwa khoma.

"Ndinaona mukufinya maso posoka zakuda," anatero. Anaima mowongoka ngati wodzapempha ntchito. "Mayi, ine sindikonda zamseri. Dzulo ndinawauza akazi anga kuti ndayamba kukuzolowerani."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anadula foni."

"Ndikanakhala ine, ndikanadulanso."

"Ndi munthu wabwino," anatero a Fyuzi msangamsanga. "Musawaone molakwika. Pakamwa pokha ndi pamene pali moto, koma wa mtima ngati wawo palibe. Mukanadziwana, mukanagwirizana."

Singano anayatsa nyale ija n'kuizimitsa, kuti apeze poika maso. Anawayang'ana cham'mbali, kufunafuna kakugwedera ka mlomo, kalikonse kosonyeza kuti munthuyu akudziwa chimene akuchita. Sanapeze kanthu, koma sanaleke kufunafuna, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira. A Fyuzi sanabwerere mwakale. Miyezi inapita, ntchito anayambiranso ya pansi yokhayokha, zakukwera anasiya, ndipo foni ya masana inkalirabe, ngakhale kuti masiku ena Singano ankaiwala kuimba ndipo iwo sankafunsa.

Koma tsiku la nyalelo, atatha kuyankhula, a Fyuzi anasisita m'thumba n'kunena kuti akufuna kukagula soketi kumsika, ndipo ngati mayiwo alibe chochita, akhoza kuwaperekeza. Singano anavundikira makina ndi nsalu. Anatuluka pageti, bamboyo akusiya mpata woti n'kudutsa njinga pakati pawo. Pakona, wokonza nsapato anakweza dzanja kuwapatsa moni, ndipo a Fyuzi anayankha mwamanyazi, n'kufulumiza mapazi.

"Anthu a mumsewu muno ndi apakamwa," ananong'ona. "Pofika mawa akhala atawauza kale akazi anga kuti anationa tili limodzi."

"Asiyeni akanene," anatero Singano. "Inu yang'anani kutsogolo, pali dzenje apo."